Thole layamwa, koma kodi chitetezo chalowa m'magazi?

Msewu wochoka pa boma la Thyolo kulowera ku Makwasa ndi Thekerani umapyola m'minda ya tiyi yobiriwira chaka chonse, ndipo ukamayandikira dera la Mfumu Nsabwe zitunda zimayamba kuthinana, minda ya anthu n'kumachepa. Malo kuno ndi osowa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo, chikhalirecho nthaka yambiri yachonde ili m'manja mwa maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba. Nthochi zomwe kale zinkadzaza malole ochoka ku Thekerani zinasakazidwa ndi matenda a chisaka. Banja lotsala ndi kamunda kochepa limafuna chinthu chomwe chingabweretse ndalama mwezi ndi mwezi popanda kulira malo aakulu, ndipo ng'ombe ya mkaka yowetera m'khola ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zotere. Siyifuna dambo lodyera. Imafuna nsenjere zodzala m'mbali mwa munda, madeya, madzi, ndi munthu wosatopa kumweta.

Ulimi umenewu unazika mizu kwambiri chakumtunda kwa boma, ku Bvumbwe, Thunga ndi Goliati, komwe magulu a alimi pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association, SHMPA, amasonkhanitsa mkaka m'matanki oziziritsa podikira magalimoto a makampani monga Lilongwe Dairy ndi Suncrest Creameries. Mabanja ambiri sanagule ng'ombe yawo yoyamba. Anachita kulandira kudzera m'ndondomeko yopatsirana: walandira msoti lero, ukabereka thole lalikazi ulilere, likakula ulipereke kwa mnzako amene ali pamzere. Choncho thole lalikazi likabadwa m'khola limodzi, mabanja awiri amasangalala. Likafa pa sabata yachiwiri, mwini khola watsala ndi ngongole, ndipo wodikira uja waonjezeredwa chaka china kapena ziwiri.

Imfa zoterezi alimi amazidziwa bwino kayendedwe kake. Thole limabadwa bwinobwino, limaima, limayamwa. Pakatha masiku anayi kapena asanu limayamba kutsegula m'mimba, maso kulowa m'kati, makutu kugwa. Lina limatupa mchombo, kenako mawondo, n'kumalephera kudzuka. Lina limapulumuka zonsezo koma chibayo chimadzaligwira likakwana mwezi. Mlangizi wa ziweto akaitanidwa amabaya jakisoni, nthawi zina thole limachira, nthawi zina ayi, ndipo pakhomo pamatsala mawu akuti "linangofooka lokha" kapena "kunazizira kwambiri". Kawirikawiri mlandu wa imfa imeneyi unagamulidwa kale pa tsiku lomwe thole linabadwa, m'maola ochepa oyambirira, popanda wina aliyense kuona kanthu.

Limabadwa lopanda chitetezo

Mwana wa munthu amabadwa atalandira kale chitetezo cha mayi wake, chifukwa timapuloteni tolimbana ndi matenda timadutsa pa nsapo iye akadali m'mimba. Ng'ombe inapangidwa mosiyana. Nsapo yake ndi yokhuthala moti timapuloteni timeneti, tomwe akatswiri amatitcha ma immunoglobulin, makamaka mtundu wa IgG, sitingadutse. Miyezi isanu ndi inayi yonse ya bere, thole sililandira chilichonse cha chitetezo cha make. Limatuluka m'mimba magazi ake ali opanda zida, n'kugwera pansi pomwe pali ndowe, matope ndi ntchentche.

Chitetezo chonsecho make amachisunga m'bere. Masabata omaliza asanabereke, thupi la ng'ombe limasamutsa IgG kuchoka m'magazi kupita m'mabere, ndipo ndiye amapanga mkaka woyamba uja, wachikasu, wolemera, womata m'manja, womwe akuluakulu amautcha chithuwi. Matumbo a thole lobadwa kumene ali ngati sefa ya maso aakulu: timapuloteni timadutsa tathunthu mpaka m'magazi. Koma maso a sefayo amayamba kuchepa thole likangobadwa. M'maola awiri kapena anayi oyamba zambiri zimalowa. Pofika maola 12 zolowa zachepa kwambiri, ndipo pofika maola 24 njira yatsekeka. Chithuwi chomwedwa pambuyo pake ndi chakudya chabwino, chimathandizanso kuteteza m'matumbo momwemo, koma m'magazi sichilowanso.

Izi sizinadziwike dzulo. Mu 1922, Theobald Smith ndi Ralph Little a ku Rockefeller Institute, ku Princeton m'dziko la America, analemba zomwe anaona pa mathole 22. Khumi omwe analoledwa kuyamwa chithuwi onse anakhala moyo. Mwa 12 omwe anamanidwa, asanu ndi atatu anafa, ndipo chomwe chinawapha ndi tizilombo wamba ta m'matumbo, ta mtundu wa E. coli, tomwe tinalowa m'magazi n'kufalikira thupi lonse. Zaka zoposa 100 zapita, koma phunziro lake likadali lomwelo: tizilombo tomwe ng'ombe yaikulu imakhala nato osadwala ndi tomwe timapha thole losatetezedwa.

Apa mlimi wa kwa Nsabwe angayankhe kuti, "Koma lathu linayamwa, tinaliona ndi maso." Ndipo sakunama. Vuto ndi lakuti kuyamwa ndi kukhuta chitetezo ndi zinthu ziwiri. Mu 1991, Thomas Besser ndi anzake a ku Washington State University anayerekeza njira zitatu zomwetsera mathole a mtundu wa Holstein. Mwa omwe anasiyidwa kuti ayamwe okha kwa make, pafupifupi 61 pa 100 alionse sanapeze chitetezo chokwanira. Mwa omwetsedwa ndi botolo anali 19, ndipo mwa omwetsedwa ndi kapaipi kofika kum'mero anali 11. Chiwerengero choyambacho chimadabwitsa, koma aliyense amene anaonapo ng'ombe ya chizungu itangobereka angachimvetse. Bere limakhala lalikulu, lolendewera, nsonga zake zotupa. Thole limafufuza m'mwamba, m'khwapa, pamimba, n'kutopa lisanapeze nsonga. Likapeza limayamwa pang'ono, n'kugona. Ngati labadwa usiku wa chiperoni mu June kapena July, pamene nkhungu ndi mvula yowaza zakuta mapiri a Thyolo, limazizidwa n'kuchedwa kudzuka. Mwini khola akamadzuka m'mawa n'kuliona likuyamwa, maola abwino aja apita kale.

Ng'ombe zathu za makolo, za linunda, sizivutika motere kawirikawiri. Bere lake ndi laling'ono, thole limalipeza msanga, ndipo mkaka woyamba umakhala wochepa koma wokhathamira. Nzeru zomwe tinatengera kwa makolo zakuti thole lisiyeni, lidziwa lokha, zinali zoona pa ng'ombe zimenezo. Friesian ndi Jersey ndi nkhani ina.

Palinso zomwe umphawi umatichititsa. Ng'ombe imafunika kupuma kukamidwa pafupifupi masiku 60 isanabereke kuti bere likonzekere. Koma banja lomwe sukulu fizi ndi sopo zikuchokera m'chigubu cha mkaka limavutika kusiya kukama miyezi iwiri yathunthu, ndipo ena amakama mpaka kutsala masabata awiri kapena atatu. Ena akaona bere latupa kwambiri ng'ombe isanabereke amalikama pofuna kuipepuza, osadziwa kuti akutaya chithuwi chenicheni. Ng'ombe ina imadontha yokha. Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, kuchedwa kukama kumasukulutsa chithuwi: kafukufuku wa ku America wa mu 2005 anapeza kuti chokamidwa patatha maola 6 chinali chitataya 17 peresenti ya IgG poyerekeza ndi chokamidwa patatha maola awiri, ndipo pofika maola 14 chinali chitataya gawo limodzi mwa magawo atatu. Mtundu wachikasu sunena zoona nthawi zonse. Chithuwi chikhoza kuoneka chokongola koma chili chofooka.

Kachipangizo ka ku minda ya nzimbe

Nanga tingadziwe bwanji? Njira yodalirika kuposa zonse ndi ya ku labotale, yotchedwa radial immunodiffusion, yomwe imayeza IgG yeniyeniyo. Imalira zipangizo zodula ndipo zotsatira zimatenga tsiku kapena kuposerapo. Kutumiza magazi a thole lililonse kuchoka ku Thekerani kupita ku labotale ya ziweto ku Blantyre kapena ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe ndi maloto chabe. Palinso njira zakale zosakaniza madzi a magazi ndi mankhwala a zinc sulphate kapena sodium sulphite n'kuona ngati achita mbuu, koma mankhwalawo amafuna kusungidwa mosamala.

Njira yomwe ingatheke kwathu kuno ndi ya kachipangizo kotchedwa refractometer. N'kakang'ono, kokwana m'thumba la malaya, kooneka ngati tochi. Umadontheza madontho awiri pa galasi lake, kutseka, n'kusuzumira moyang'ana kuwala. Mzere wolekanitsa mbali yoyera ndi ya buluu umaonetsa nambala. Ka mtundu wosuzumira sikafuna batire kapena magetsi. Kamayeza mmene kuwala kumapindikira kakamadutsa m'madzi okhala ndi zinthu zosungunuka, ndipo muyeso wake wotchuka, wa Brix, unatenga dzina la Adolf Brix, katswiri wa ku Germany wa zaka za m'ma 1800. Ntchito yake yoyamba ndi kuyeza shuga. Kumunsi kwa mapiri omwewa, m'chigwa cha Shire, alimi a nzimbe ku Nchalo amadalira muyeso womwewu podziwa ngati nzimbe zakhwima. Akatswiri a ziweto anangozindikira kuti m'chithuwi ndi m'madzi a magazi a thole, chomwe chimakweza kapena kutsitsa nambalayo kwambiri ndi mapuloteni a chitetezo aja.

Kachipangizoka kamagwira ntchito pawiri. Poyamba ndi pa chithuwi chenichenicho, chisanamwetsedwe. Chikawerenga 22 peresenti kapena kuposa, ndiye kuti muli IgG wokwana pafupifupi magalamu 50 pa lita, ndipo ndi chabwino kumwetsa koyamba. Chikatsika kwambiri, thole lifunika kumwa chochuluka kapena kupezeredwa china.

Kachiwiri ndi pa magazi a thole, ndipo apa ndi pomwe pali yankho lenileni, chifukwa chithuwi chabwino chikhoza kumwetsedwa mochedwa kapena mopereweza. Magazi amatengedwa pa mtsempha wa pakhosi thole litapitirira maola 24 koma lisanapyole masiku asanu ndi awiri. Imeneyi ndi ntchito ya dokotala kapena mlangizi wa ziweto, si ya aliyense. Amawaika m'kabotolo kopanda mankhwala oletsa kuundana, n'kukaimika pamthunzi. Pakapita maola angapo magazi amaundana, pamwamba n'kutsala timadzi tachikasu. Timeneto ndi tomwe timayezedwa. Makina ozungulitsa magazi amafulumizitsa ntchito, koma kafukufuku anaonetsa kuti timadzi todzilekanitsa tokha timapereka nambala yofanana.

Kwa zaka zambiri malire anali amodzi: thole lokhala ndi IgG wosakwana magalamu 10 pa lita ya madzi a magazi linkatengedwa kuti lalephera, loposa pamenepo lakhoza. Mu 2020 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Jason Lombard wa ku unduna wa zaulimi ku America linati malire amodziwo sakukwanira, chifukwa thole longodutsa pang'ono limadwalabe kuposa lomwe lakhuta bwino. Anaika magawo anayi. Lapamwamba ndi la magalamu 25 kapena kuposa, zomwe pa Brix ndi 9.4 peresenti, ndipo pa muyeso wa mapuloteni onse ndi magalamu 6.2 pa desilita. Labwino ndi Brix ya 8.9 mpaka 9.3. Lapakatikati ndi 8.1 mpaka 8.8. Lotsika ndi lochepera 8.1, kapena mapuloteni osakwana 5.1. Anati khola loyenda bwino likhale ndi mathole oposa 40 pa 100 alionse m'gawo lapamwamba, ndipo a m'gawo lotsika asafike 10.

Taonani kuyandikana kwa manambalawo. Pakati pa thole lotetezeka ndi lomwe lili pangozi pali kusiyana kwa peresenti imodzi ndi pang'ono. Kachipangizo kosuzumira ka Brix, koyambira 0 kufika 32, kamakwanira bwino pa chithuwi, koma timizere take n'tothinana kwambiri pofuna kusiyanitsa 8.1 ndi 8.9. Pa magazi pamafunika ka digito, kapena ka chipatala komwe kali ndi muyeso wa mapuloteni. Kalikonse kayenera kuyesedwa kaye ndi madzi oyera opanda chosungunukamo kuti kayambire pa ziro, ndi kupukutidwa bwino pakati pa thole ndi thole. Chinanso chofunika kuchidziwa: thole lomwe layamba kale kutsegula m'mimba limataya madzi, magazi ake amakhathamira, ndipo nambala imakwera monama. Woyeza wosachenjera angalitche lotetezeka pamene lili pafupi kufa. Oyenera kuyezedwa ndi mathole ooneka athanzi.

Kuyeza sikuchiza

Pano tiyenera kunena mosabisa. Pamene zotsatira zikutuluka, njira ya m'matumbo ija yatsekeka kale. Thole lopezeka lotsika silingakonzedwe ndi chithuwi china. M'mayiko olemera, thole lamtengo wapatali limapatsidwa madzi a magazi kapena magazi a ng'ombe ina kudzera mumtsempha, koma zimenezo n'zapatali kwa mlimi wa khola limodzi. Chomwe angachite ndi kulisamala mwapadera: pogona pouma ndi pofunda, potalikirana ndi ndowe za zazikulu, mchombo wopakidwa ayodini, kupitiriza kulimwetsa mkaka wa make wa masiku oyambawo, chidebe chotsukidwa ndi madzi otentha, ndi kuitana mlangizi tsiku lomwelo likangoyamba kukana kuyamwa, osadikira mawa. Zimenezi zokha zimapulumutsa ambiri, ndipo mlimi amene wauzidwa nambala amakhala tcheru kuposa amene akungoganiza kuti zonse zili bwino.

Koma phindu lalikulu la kuyeza lili kwina. Kuyeza kumaunika kachitidwe kathu, kuti thole lotsatira lipindule. Ku America, kafukufuku wa boma wa mu 1991 ndi 1992 anapeza kuti mathole aakazi oposa 40 pa 100 alionse analibe chitetezo chokwanira. Pofika 2007 anali pafupifupi 19, ndipo mu 2014 anali atatsika kufika cha m'ma 12. Sipanabwere mankhwala atsopano. Alimi anangoyamba kumwetsa msanga, kumwetsa chokwanira, ndi kuyeza kuti aone ngati zikutheka.

Akatswiri amalangiza kuyeza mathole osachepera 12 kuti uone chithunzi cha khola lonse. Mlimi wa ng'ombe imodzi amapeza thole limodzi pa chaka, mwinanso pa chaka ndi theka. Payekha sangaphunzire kanthu ku nambala imodzi. Koma gulu la alimi a mkaka lili ndi ng'ombe makumimakumi, ena mazana. Kwa ife, khola loyenera kuyezedwa ndi gulu lonse. Ndipo gululo lili kale ndi zofunika zambiri. Alimi amafikako m'mawa uliwonse ndi zigubu zawo. Pali kalaliki wolemba malita m'buku. Pali chizolowezi choyeza, chifukwa mkaka sulandiridwa usanayesedwe ndi lactometer ngati wathiridwa madzi, ndi spiriti ngati wayamba kusasa. Mayeso a spiriti omwewo ndi omwe amakana mkaka wa ng'ombe yongobereka kumene, moti chithuwi chilibe msika. Palibe chomwe mlimi amataya akachipereka chonse kwa thole. Tinaphunzira kuyeza mkaka wopita kwa wogula mpaka dontho lomaliza. Mkaka umodzi wokha womwe umagamula ngati ng'ombe ya mawa ikhala moyo ndi umene sitiuyeza.

Taganizani gulu litakhala ndi buku lachiwiri, la mathole. Tsiku ndi ola lobadwa, ola lomwe linamwa koyamba, kuchuluka kwake, njira yomwetsera, masiku omwe make anapuma kukamidwa, Brix ya chithuwi, Brix ya magazi, ndi zomwe zinalichitikira pofika miyezi itatu. Pakutha kwa chaka bukulo lingayankhe mafunso omwe lero timangokangana. Kodi obadwa usiku ndiwo akutsika? Kodi ndi a misoti yobereka koyamba? Kodi ndi a ng'ombe zomwe zinakamidwa mpaka kumapeto? Komiti yoyendetsa zopatsirana ingadziwenso thole lofunika kuliyendera kawirikawiri, m'malo modzangomva kuti lafa. Ndipo alimi amakhulupirira msanga zomwe zachitika m'makola a anzawo kuposa zolembedwa pa pepala la ku ofesi. Ophunzira za udokotala wa ziweto ku LUANAR ndi ku Mikolongwe, m'boma la Chiradzulu loyandikana ndi Thyolo, angapeze m'mabuku otere nkhani zofufuza zomwe zili ndi phindu lenileni kwa mlimi.

Zovuta zilipo, ndipo si zazing'ono. Alangizi a ziweto ndi ochepa, dera la mmodzi ndi lalikulu, ndipo m'dzinja misewu ya m'mapiri a kwa Nsabwe imaterera moti njinga yamoto imavutika. Masingano ndi timabotolo zimafuna ndalama. Alimi ena sakondwa kuona thole la masiku awiri likutengedwa magazi, ndipo nkhani za magazi m'madera athu zimafuna kufotokozedwa poyera, pamaso pa mafumu ndi komiti, mwini thole ataima pomwepo n'kusuzumira yekha m'kachipangizoko. Gulu lomwe silingathe zonse lingayambe ndi kuyeza chithuwi chokha, komwe sikufuna singano, n'kumayeza magazi a mathole ochepa pamene mlangizi wabwera kudzachita zina.

Nkhani yosungira chithuwi imafunanso kusamala. Ng'ombe ikafa pobereka kapena ikadwala bere, thole limafunika cha ng'ombe ina, ndipo chowumitsidwa mufiriji chimatha kukhala miyezi yambiri mpaka chaka. Koma thanki ya gulu imangoziziritsa, siyiumitsa, ndipo magetsi akamazimazima chithuwi chimasungunuka n'kuswa tizilombo. Chochokera khola lina chikhozanso kubweretsa TB kapena matenda otayitsa bere, choncho chichokere kwa ng'ombe yodziwika kuti ndi yathanzi. Kuchiwiritsa kumapha chitetezo chomwe tikufunacho. Kutentha komwe chimapirira ndi madigiri 60 kwa mphindi 60, zomwe n'zovuta kuziwongolera pa mafuwa. Chowumitsidwa chisungunulidwe poviika botolo m'madzi ofunda, osati pamoto.

Pamene kachipangizo sikanafike, zomwe manambala onsewa amaphunzitsa zikhoza kuyamba ndi ng'ombe yomwe ili ndi bere lero. Tsiku lomwe inakweredwa kapena kupatsidwa umuna lilembedwe, kuti kukama kuleke miyezi iwiri isanabereke. Masiku akayandikira, wina azidzuka usiku kukaona kukhola. Ikangobereka, bere litsukidwe, likamidwe m'chiwiya choyera pasanathe maola awiri, ndipo thole limwetsedwe ndi botolo chithuwi cholemera gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lake: la makilogalamu 30 limwe malita atatu, ngakhale mogawa pawiri m'maola oyambawo, kenako lina pasanathe maola 12. Lofooka losatha kuyamwa lisathiridwe mkaka kukhosi mokakamiza, chifukwa ungalowe m'mapapo. Limeneli ndi la mlangizi ndi kapaipi kake. Ola lililonse lilembedwe, ngakhale pa chikuto cha kope la mwana wa sukulu, kuti tsiku lomwe mlangizi adzabwere ndi singano ndi kabotolo, nambala yomwe adzawerenge idzakhale ndi nkhani yoifotokoza.